Watumidwa ndi yani? Maganizo anga pa ma áudio a pa WhatsApp

Pa pologalamu yathu ya madzulo, ija omvera amaimba foni n'kunena zakukhosi, nkhani ya mafoni siitha. Ndikangoiyambitsa, foni ya mu situdiyo sipuma. Akuluakulu amati foni ndi thumba la mabodza, yapasula mabanja, yaphunzitsa ana mwano. Acinyamata amayankha kuti madala akungoopa cinthu cimene sacidziwa, ndipo ena amandiseka ine ndemwe kuti wailesi ndi ya agogo, nkhani zonse amakhala atazimva kale pa WhatsApp ine ndisanatsegule pakamwa. Ndamvetsera mkangano umenewu kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti mbali zonse ziwiri zimakamba za foni ngati kuti ndi cinthu cimodzi. Komatu m'foni muli zambiri: muli nyali, muli banki, muli kanema, muli masewera a mwayi amene akumaliza ndalama za anyamata athu. Milandu yonseyi singaweruzidwe tsiku limodzi. Ine ndasankhapo umodzi, wa cinthu cimene kuno kumalire timacigwiritsa nchito kuposa zina zonse: uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, umene ife timati áudio, abale athu a kutsidya ku Dedza ndi ku Ntcheu amati VN.

Ndiyambe ndi kuyamikira, cifukwa áudio inacita cinthu cimene positi ndi SMS zinalephera. WhatsApp inayamba mu 2009, ndipo kabatani ka maikolofoni kanaikidwamo mu 2013. Kuno kanatipeza mocedwerapo, mafoni a galasi atayamba kutsika mtengo ndiponso nsanja za netiweki zitamera m'midzi, makamaka Movitel itayamba nchito mu 2012. Kabataniko kasanabwere, munthu wosadziwa kulemba ankabwereka dzanja ndi maso a mnzake. Ndikukumbukira amayi anga atamanga kalata ya amalume pa ngodya ya nsalu, akupita nayo kwa aphunzitsi kuti akawawerengere. Aphunzitsiwo anali munthu wabwino, koma ankadziwa ngongole za banja lililonse, matenda a aliyense, ndi machona onse amene anakwatiranso kumene anapita. Yankho nalonso linkadutsa m'manja mwawo, ndipo amayi ankasankha mawu monga munthu wodziwa kuti pali wacitatu akumva.

SMS itabwera, vuto linali lomwelo. Ife amene tinalowa sukulu kuno tinaphunzira kulemba m'Cipwitikizi. Cinyanja cinalowa m'kalasi mongoyesera m'masukulu ocepa a m'cigawo ca Tete mu 1993, ndipo maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kufalikira mu 2003. Conco alipo ambiri a msinkhu wanga amene atha kulembera administrador kalata yopanda colakwa, koma akafuna kulembera amayi awo m'cinenero cimene anayamwa, dzanja limakayika: ndilembe c kapena ch, ndilembe monga a ku Malawi kapena monga a kuno? Foni nayo imalowerera. Ukalemba liwu la Cinyanja, iyo imati yakukonzera, n'kuikapo liwu la Cipwitikizi limene sunaliganize n'komwe. Ndipo ngakhale utalemba bwino, zilembo sizinyamula kukwera ndi kutsika kwa mawu athu. Mtengo wa kunkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, khutu ndi limene limasiyanitsa. Áudio inadumpha zonsezi. Ndi gawo loyamba la foni limene silinamufunse munthu ngati anapita kusukulu. Udine, ulankhule, usiye, basi.

Phindu lake tonse taliona. Mlimi wa mbatatesi amamva mtengo wa ku Lizulu asanamange thumba pa njinga. Agogo amamva mdzukulu wobadwira ku Johannesburg akuyesa kuchula dzina lawo. Mayi amene mwana wake ali ku sukulu ku Tete amamva pa mawu pokha kuti mwanayo wadwala ngakhale akunena kuti ali bwino. Ndiye pali nkhani ya malire. Kuimbira foni mudzi umene ukuuona ndi maso kutsidya kwa msewu ndi kuimba kunja kwa dziko, uyambe ndi +265, ndipo saldo imatha ngati madzi a m'dengu. Áudio sidziwa Calómuè kapena Biriwiri. Megas pang'ono, yawoloka.

Ndimaikondanso cifukwa inabweza malonje. SMS inatiphunzitsa kulankhula ngati apolisi a pamsewu: uli kuti, tumiza, bwera. Mu áudio munthu amayamba ndi moni, amafunsa za ana, za odwala, za mvula, kenako n'kufika pa cimene watumizira. Acinyamata amadandaula kuti áudio ya mphindi zisanu ndi imodzi, zitatu zonse ndi moni. Eni ake a WhatsApp anawamvera, ndipo mu 2021 anaikamo kabatani kothamangitsa mawu, 1.5x ndi 2x. Ndinakayesapo kamodzi pa áudio ya apongozi anga. Anamveka ngati nkhanga yothamangitsidwa ndi galu, ndipo ndinacita manyazi ngati andiona. Koma limenelo si tsoka lalikulu. Wofuna kuthamangitsa apongozi ake athamangitse, adzayankha yekha.

Tsopano ndinene cimene candicititsa kulemba nkhaniyi, ngakhale sicindipatsa ulemu.

Pa wailesi yathu lamulo la zidziwitso za maliro ndi lakale: wacibale abwere yekha, anene dzina lake ndi mudzi wake, tilembe m'kaundula, asaine kapena adinde cala. Loweruka lina madzulo, nthawi yokolola, ndinali ndekha mu situdiyo. Mnyamata wina amene ndimamudziwa bwino anandiimbira, kenako n'kunditumizira áudio. Munali mawu a mayi akulira: “A Naphiri atisiya dzulo usiku kucipatala. Maliro ndi mawa. Uzani onse a kutsidya.” Mnyamatayo anati amenewa ndi agogo a m'mudzi mwawo, amene tonse tinkadziwa kuti agonekedwa kucipatala sabata imeneyo. Anayesa kuimbira wowadikirira, foni inali yozima. Anandicondelera kuti tikadikira kaundula, a kutsidya samva mpaka maliro atapita. Ndinaimvetsera kawiri. Ndagwira nchito ndi mawu a anthu zaka zambiri, kulira kopeka ndimakudziwa, ndipo kuja sikunali kopeka. Ndinaika kanyimbo ka zidziwitso za maliro, ndinatsegula maikolofoni, n'kulengeza dzina ndi mudzi.

Kulira kuja kunalidi koona, koma kunali kwa caka catha. A Naphiri a mu áudio anali ena, a mudzi wina, ndipo anali ataikidwa miyezi 11 m'mbuyomo. Kaya ndi munthu amene ankafufuta zakale m'foni mwake n'kudina polakwika, kaya ndi mwana poseweretsa, áudio ija inagwera m'gulu lina la WhatsApp. Wina wa m'gulumo, amene ankadziwa za odwala athuwa, anaimva n'kulumikiza yekha. A Naphiri alipo angati pakati pa Ulónguè ndi Dedza? M'mawa mwake anthu anafika pakhomo ndi ufa ndi nkhuni. Anyamata anali atayala kale masamba pamsewu. Mwana wawo wamkazi anacoka ku Tete usiku womwewo atabwereka ndalama ya ulendo ndi ya bokosi, ngongole imene anaibweza ndi ndalama ya feteleza. Foni ya wowadikirira inali itangotha moto. Odwalawo anali akumwa phala pamene acibale analowa kudzatenga thupi, ndipo za imfa yawo anamvera kwa iwowo.

Ndinapita kukapepesa kudzera kwa amfumu, nkhuku m'khwapa. Amfumu sanandikalipire. Anandisiya ndifotokoze zonse, kenako anandifunsa kuti, “Nanga inu abambo, anakutumani ndani?” Ndinachula mnyamata uja. “Iyeyo anatumidwa ndi yani?” Ndinati anaipeza m'gulu. “Gululo lili ndi mudzi? Tingaliitane pabwalo pano?” Ndinangoyang'ana pansi.

Funso la amfumu ndi limene ndikuliyesera áudio. Kwathu kuno uthenga wa maliro suyenda wokha. Munthu akatisiya, eni mbumba amakanena kwa amfumu, ndipo mbiri imapita amfumu atalola. Anyamata amatumidwa, kale wapansi, kenako pa njinga, masiku ano pa njinga yamoto. Mthenga akafika amakhala pansi, amanena amene wamutuma, amachula womwalirayo ndi mudzi wake ndi tsiku limene zacitika. Olandira amamuona nkhope ndipo amatha kumufunsa: Naphiri uti, wa kwa yani, wakwatiwa kuti? Akasokoneza, kwawo n'kodziwika, adzayankha. Makolo sankacita zimenezi cifukwa cokonda mwambo cabe. Ankadziwa kuti mawu akuti “wamwalira” amaimitsa khasu m'midzi isanu, amatsegula nkhokwe, amagwetsa munthu wa mtima wofooka. Mawu olemera conco ankayenda ndi mwini wake, ndi tsiku lake, ndi pakamwa potha kufunsidwa.

Taonani cimene pulogalamuyi imacita. Áudio ikacoka kwa mwini mawu kupita kwa munthu woyamba, zonse zili m'malo mwake: dzina kapena nambala ilipo, cithunzi cilipo, ola lilipo, ndipo ukhoza kuyankha n'kufunsa. Koma woyambayo akadina kamuvi n'kuipatsira wina, WhatsApp imacotsa dzina la mwini mawu n'kuonetsa la wopatsirayo. Imacotsa tsiku limene mawuwo anajambulidwa n'kuikapo ola la lero. Cotsala cosasintha ndi mawu okha, ndi misozi yake yomwe. Ndiye “dzulo” wa mu áudio sakalamba. Ukaimvera lero, dzulo ndi dzulo la lero. Ukaimvera caka ca mawa, dzulo wasamukira komweko. Kalata ya amalume ija inali ndi deti pamwamba ndi cidindo ca positi pa envelopu, ndipo pepala lenilenilo linkafiira likakhalitsa. Áudio ya caka catha imamveka ngati ya m'mawa uno. Si maliro okha: ndamva áudio ya mlatho wokokoloka ikubwerera m'cilimwe, ndi ya mtengo wa cimanga wa zaka ziwiri zapitazo ikunyamutsa anthu ndi matumba kupita kumsika.

Eni ake a WhatsApp vutoli akulidziwa. Mu 2018 ku India anthu anaphedwa ndi magulu olusa cifukwa ca mauthenga opatsirana onena za akuba ana. Caka comweco kampaniyo inayamba kuika cizindikiro pa uthenga uliwonse wopatsirana. Mu Janeiro 2019 inaletsa padziko lonse kupatsira uthenga ku malo oposa asanu nthawi imodzi, ndipo mu Abril 2020, matenda a Covid-19 atavuta, inati uthenga umene wadutsa kale m'manja ambiri uzipita ku malo amodzi okha pa ulendo uliwonse. Zonsezi n'zothandiza ndithu. Koma tsegulani foni yanu muone cizindikiroco. Ndi kamuvi kakang'ono ndi liwu lotuwa pamwamba pa uthenga: “Reencaminhada” kapena “Encaminhada” ngati foni ili m'Cipwitikizi, “Forwarded” ngati ili m'Cingerezi.

Apa ndi pamene ndikuwadzudzula. Anatsegulira khomo anthu osawerenga, kenako cenjezo analilemba pa citseko m'zilembo zing'onozing'ono, m'cinenero ca ena. Ciliconse cimene anaika pofuna kusiyanitsa áudio ya mwini ndi yopatsirana n'ca maso, pamene áudio ndi ya khutu. Zikuoneka kuti amene anakonza zimenezi ankaganiza za munthu mmodzi, ali yekha, foni yake m'manja, maso pa galasi. Kwathu áudio simveredwa conco. Foni ya galasi pakhomo imakhala imodzi, ya mnyamata kapena ya mdzukulu. Iye amaigwira n'kukweza mawu, ena asanu ali pakhonde akumvetsera: agogo, amayi, aneba amene anabwera kudzapempha moto. Woona galasi ndi mmodzi, ndipo kawirikawiri ndi wamng'ono pa onse, amene sangadule akuluakulu pakamwa kuti, “Dikirani, apa palembedwa kanthu.” Ikatero áudio imatuluka mu WhatsApp kudzera pa Bluetooth kapena pa kakhadi ka memória n'kulowa m'ma bombinha, mafoni a mabatani aja. Kumeneko ngakhale kamuvi kaja kulibe.

Ife a wailesi tinaphunzira kalekale kuti cenjezo la womvera liyenera kulowa m'khutu. Tisanawerenge za maliro timaika kanyimbo kake. Nkhani zisanayambe pali kulira kwake, za malonda zili ndi kwake, ndipo mayi amene akusinja kuseri kwa nyumba amadziwa cimene cikubwera osaona kalikonse. Cingavute n'ciyani kuti áudio yopatsirana iziyamba ndi kabelu kamodzi, ndipo imene yadutsa m'manja ambiri iziyamba ndi tiwiri? Belu silifuna kumasulira, ndi limodzi kwa Mnyanja, Mmakua ndi Mhindi. Sabata imodzi yokha mudzi wonse ungadziwe kuti kabelu kakalira, amene akulankhulayo si amene watumiza. Cingavute n'ciyaninso kuti tsiku lojambulira lizitsagana ndi mawuwo kulikonse kumene apita?

Pa nkhani ya dzina la mwini mawu ndimawamvetsa. Kuyambira mu 2016 mauthenga a WhatsApp amakhala okhomedwa kuti atsegulidwe ndi wotumiza ndi wolandira okha, ndipo mu 2021 kampaniyo inapita kukhoti ku India pokana lamulo lofuna kuti iziulula amene anayambitsa uthenga. Ife a dziko lino tikudziwa kuti pali nthawi imene wonena zoona amafunika kubisika. Sindingafune kuti mayi amene wadandaula za sikelo yobera alimi apezeke ndi dzina lake m'manja mwa mwini sikeloyo. Koma tsiku siliulula munthu, ndi belu siliulula munthu. Cimene cimandiwawa n'cakuti luso alinalo, koma akulipereka kwina. Kumapeto kwa 2024 anabweretsa njira yosandutsa áudio kukhala zolemba, m'zinenero zocepa monga Cingerezi ndi Cipwitikizi, Cinyanja palibe. Anaganizira munthu wodziwa kuwerenga amene ali pamsonkhano ndipo sangathe kumvetsera. Amene angathe kumvetsera kokha, amene áudio ndiye kalata yake yonse, sanamukumbukire.

Ndibwerere kwa akuluakulu anga aja amene amati foni ndi thumba la mabodza. Bodza silinadikire foni, madala. Mukukumbukira mphekesera za anamapopa, amene m'Cipwitikizi amati chupa-sangue. Mu 2017 zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe, zinadzetsanso zipolowe ku Gurué. Ambiri analoza cala mafoni. Koma kumapeto kwa 2002 mphekesera yomweyo inagwedeza kum'mwera kwa Malawi, WhatsApp kulibe, ndipo inayenda bwinobwino pa miyendo ndi pa minibasi. Cimene ndikufuna muone n'cina. Pa nkhani ya a Naphiri panalibe wabodza ngakhale mmodzi. Mayi wolira uja ananena zoona. Mnyamata uja ankafuna kuthandiza. Ine ndinkafuna kuti a kutsidya asaphonye maliro. Mukamafunafuna wabodza kuti mumulange, simumupeza, ndipo zimenezi zidzacitikanso pakhomo panu kudzera mwa mdzukulu wanu wokhulupirika. Cinanso, SMS ija yakuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi tinaphunzira kuikayikira, cifukwa ndi yolembedwa, ili m'Cipwitikizi, ndipo ilibe moni. Koma mawu a Cinyanja, a kalankhulidwe ka kwathu kuno, a munthu amene wayamba ndi malonje, amalowa m'nyumba ngati mbale. Cija ndayamikira poyamba paja ndi comweco cimene cimatigonetsa tulo.

Kwa acinyamata amene amati wailesi ndi ya agogo, sindingadzitame, poti tsiku lija wailesi ndi imene inafalitsa colakwa, pakamwa pake panali panga. Koma wailesi ili ndi khomo. Banja lija linadziwa kokandipeza. M'mawa mwake ndinabweza mawu anga katatu, pa nthawi imene anthu amachera khutu, ndipo kubwezako kunalowa m'makutu ambiri omwe aja amene anamva colakwa. Áudio ilibe njira yobwerera. Ukhoza kuifufuta m'gulu limene waitumiza, koma imene yapatsiridwa kale yapita. Ukajambula ina yotsutsa, anthu saipatsira ndi cangu cofanana, cifukwa “pepani, sizinali zoona” sikudzidzimutsa ngati kulira. Ndikulemba pano áudio ya a Naphiri ikadali m'mafoni ena, ikudikira a Naphiri ena kuti adwale. Mukumbukirenso zimene zinacitika pambuyo pa masankho a pa 9 Outubro 2024, pamene intaneti ya m'mafoni inkadulidwa ndipo WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa kwa masiku. Amene anali ndi SIM ya kutsidya ankakwera pa culu kusaka netiweki ya ku Malawi, otsalawo anabweranso pakhomo pa wailesi ndi timapepala m'manja. Sindinasangalale nazo, cifukwa amalonda ndi a odwala anavutika. Ndinangoona kuti mthenga amene tamukhulupirira cotere, cingwe cake cili m'manja mwa ena.

Kabelu kaja sindikudziwa ngati kadzabwera, ndipo kabuku kano sikafika ku California. Pakali pano ndikucita zimene ndingathe. Kaundula ndinamubwezera ulemu wake; kulira kulikonse kumene kwabwera pa foni, ndimafunsa kuti mawuwa ndi a ndani, anajambula liti, ndipo inu mwalankhula naye? Funso lacitatu ndi limene limagwetsa ambiri. Pa pologalamu ndimapemphanso omvera kuti áudio iliyonse yolemera, ya maliro, ya matenda, ya mwana wosowa, ya ng'ombe zobedwa, ya mitengo, aziiyamba monga mthenga wakhala pansi: ndine uje, mwana wa a uje, wa mudzi wakuti, lero ndi tsiku lakuti, mwezi wakuti, caka cakuti, ndatumidwa ndi a uje. Womwalirayo achulidwe ndi dzina, ndi ciwongo, ndi mudzi. Tili kale ndi cizolowezi ca malonje a mphindi zitatu. Kuonjezerapo mpweya umodzi si nchito. Zikanenedwa ndi pakamwa, kamuvi sikangazicotse, zidzayenda nawo pa Bluetooth ndi pa kakhadi. Ndipo amene walandira áudio yopanda mwini koma mtima ukumuuza kuti aipatsire, atsogoze yake yaifupi yonena amene wamupatsa ndi zimene iye watsimikiza yekha.

Ena ayamba kutero, makamaka a m'magulu a chalichi ndi a alimi. Amayi anga ndi amene andivuta. Dzina amanena, la bambo awo amanena, mudzi amanena mpaka ndi mtsinje womwe. Koma pa tsiku amangoti, “Lero ndi la msika.” Ndinawauza kuti amayi, msika umabwera sabata iliyonse, nenani deti ndi caka. Anandiyankha pa áudio ya mphindi zinayi. Zitatu zinali moni. Ya cinayi anati deti ndi nchito ya ife a sukulu, iwo anena zimene akudziwa: kuti cimanga cayamba ngaiyaye, ndi kuti mbuzi ya mawanga ija yaswa awiri.